KUSAMALA MKAZI KAPENA MWAMUNA WANU PAKHOMO ATACHITIDWA OPALESHONI YA KHANSA YA MU UBONGO

Phunziro lathu la mwezi uno likunena za matenda amene sapezeka kawirikawiri m'midzi mwathu monga malungo kapena kutsegula m'mimba, koma amene akalowa pakhomo amasintha zonse za pakhomopo. Matendawa ndi khansa ya mu ubongo. Ndikulembera makamaka inu amayi ndi abambo amene mnzanu wa banja wachitidwa opaleshoni ya m'mutu ndipo tsopano mwabwera naye kunyumba. Komanso inu achibale, ankhoswe ndi anansi, popeza mutu umodzi susenza denga.

Kuchipatala wodwala amaonedwa ndi dotolo m'mawa uliwonse, ndipo anamwino amamuyang'anira usana ndi usiku. Akatulutsidwa, maso onsewo amatsala komweko. Amene amayamba kuona kuti lero mkono walemera, kapena kuti mawu akutuluka mokhota, ndi uja amagona naye pamphasa imodzi. Motero pamwamba pa kuphika phala ndi kuchapa, ntchito yaikulu ya inu osamala wodwala ndiyo kuona kusintha kulikonse ndi kudziwa tanthauzo lake. Pali kusintha kofuna chipatala tsiku lomwelo, ndipo pali kwina kofuna kuleza mtima. Mabanja ambiri amavutika chifukwa chosasiyanitsa ziwirizi.

Kodi m'mutumo mwachitika chiyani?

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera mochepera pang'ono kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo umakhala m'chigaza, limene ndi fupa lolimba losafutukuka. Chotupa chikatuluka pamwendo khungu limatambasuka n'kuchipatsa malo. M'chigaza mulibe malo otere. Chotupa chikamakula chimapanikiza ubongo, ndipo n'chifukwa chake wodwala amamva mutu kwambiri, amasanza, amagwa khunyu, kapena ziwalo zina zimaleka kugwira ntchito.

Si chotupa chilichonse cha m'mutu chimene chili khansa. Zotupa zotchedwa meningioma zimamera pa kachikopa kokuta ubongo. Zambiri mwa izo si khansa ndipo nthawi zina zimachotsedwa zonse. Koma khansa yotchedwa glioblastoma imamera mu ubongo mwenimwenimo ndipo imayala mizu ngati kapinga m'munda. Dotolo amachotsa zimene angathe kuchotsa, koma sangazule mizu yonse popanda kuwononga ubongo wabwino. Palinso khansa imene imayambira kwina, monga m'bere kapena m'mapapo, n'kufalikira mpaka m'mutu. Kachidutswa ka chotupa chimene chachotsedwa kamatumizidwa kokapimidwa, ndipo zotsatira zake ndizo zimasonyeza ngati wodwala afunika chithandizo china: mankhwala a khansa, kapena kuwotcha khansayo ndi makina a cheza champhamvu. Kwa zaka zambiri ofunika makina amenewa ankatumizidwa kunja kwa dziko, monga ku India ndi ku Tanzania. Makina oyamba kuno kwathu anayamba kugwira ntchito mu Blantyre m'chaka cha 2024, ndipo mu 2025 chipatala cha boma cha khansa chinatsegulidwa mu Lilongwe.

Mbali iliyonse ya ubongo ili ndi ntchito yake. Mbali ya kumanzere imalamulira ziwalo za kumanja, ndipo ya kumanja imalamulira za kumanzere. Choncho musadabwe kuona bala lili kumanzere kwa mutu pamene wofooka ndi mkono wamanja. Mwa anthu ambiri kulankhula kumachokera ku mbali ya kumanzere. Kumbuyo ndiko kumalandira zimene maso aona. Kutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndiko kumakhala nzeru zolinganiza ntchito, manyazi ndi kudzigwira. Mfundo yotsirizayi muisunge, tibwereranso kwa iyo.

Khansa siipatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi ndi kumusambitsa wodwala popanda mantha.

Opaleshoni zotere zimachitika m'zipatala zazikulu monga cha Queen Elizabeth mu Blantyre, chija ambiri amachitcha Gulupu, ndipo kwa ambiri a inu kumeneko n'kutali. Chifukwa cha ichi funsani zonse musananyamuke, kapena pa ulendo woyamba wobwererako: dzina la chotupacho, ngati chachotsedwa chonse, tsiku ndi malo ochotsera ulusi, ntchito ya mankhwala alionse ndi tsiku lodzaonananso ndi dotolo. Pemphani kuti zonsezi zilembedwe m'buku la chipatala la wodwalayo, kuti a pachipatala chaching'ono cha kwanu akathe kuwerenga. Safunsa anadya phula.

Bala la m'mutu

Pofuna kufika pa chotupa dotolo amadula kachigawo ka fupa, ndipo akatha ntchito amakabwezera. Khungu limapola msanga, ndipo ulusi kapena timawaya tomangira bala timachotsedwa patapita masiku 7 mpaka 14, monga angalamulire dotolo. Koma fupa limatenga milungu yambiri kuti ligwirane. Mwa odwala ena fupalo silibwezeredwa nthawi yomweyo, ndipo pamatsala malo ofewa amene ayenera kutetezedwa kwambiri kuti asagundidwe.

Musanagwire bala sambani m'manja ndi sopo pa madzi oyenderera. Mpondagiya pafupi ndi khomo la nyumba ndi wothandiza kwambiri masiku amenewa. Bala likhale louma ndi lotetezedwa ku ntchentche ndi fumbi. Duku kapena chipewa chikhale chochapidwa, choyanikidwa padzuwa ndiponso chosathina. Pabalapo musapakepo phulusa, masamba osinja, mafuta odzola kapena ufa wa makapusozi, ndipo musalole kuti wina ateme mphini pamutu pa wodwala. Tizilombo tikalowa pa bala la pamwendo timayambitsa chilonda; tikalowa pa bala la m'mutu tingathe kufika mu ubongo.

Kutupa pang'ono kwa nkhope kapena diso m'masiku oyambirira, kuyabwa ndi dzanzi m'mbali mwa bala, kupweteka kwa nsagwada potafuna, ndi kutopa kwakukulu kumene kumatenga milungu ingapo, zonsezi zimachitika kwa ambiri ndipo zimaphwa pang'onopang'ono. Koma bala likafiira ndi kutentha, likayamba kutseguka, likatuluka mafinya, kapena mukaona timadzi toyera ngati a pachitsime tikudontha pabala, m'mphuno kapena m'khutu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Timadzi timeneti ndi tija timazungulira ubongo, ndipo pamene tatulukira ndi pomwe tizilombo tingalowere.

Pano ndilankhule kwa abambo amene akazi awo ndiwo achitidwa opaleshoni. Ndowa ya malita 20 yodzaza madzi imalemera makilogalamu 20. Katundu wotere asakhale pamutu umene wang'ambidwa kumene. Mayi asasenze madzi, nkhuni kapena thumba la kuchigayo, asasinje, ndiponso asalime chowerama mpaka dotolo atalola. Amayi ambiri sakonda kukhala chabe pamene mtsuko uli wouma, ndipo akaona kuti palibe wowatungira amanyamuka okha mwakachetechete. Konzani wotunga madzi musanachoke pakhomo m'mawa. Pogona, mutu ndi mapewa a wodwala zikhale zokwera pang'ono pa mtsamiro kapena pa mabulangete opinda, ndipo agone m'masikito usiku uliwonse.

Mankhwala

Odwala ambiri amapatsidwa dexamethasone. Ntchito yake ndiyo kuphwetsa kutupa kwa ubongo, ndipo nthawi zina amadzutsa munthu amene anali atafookeratu. Amwedwe ndi chakudya, makamaka m'mawa kapena masana, chifukwa akamwedwa usiku amasowetsa tulo. Chofunika koposa n'chakuti mankhwalawa saleka mwadzidzidzi. Munthu akawamwa kwa milungu ingapo thupi limachepetsa kupanga lokha michere yofanana nawo, kotero kuti akangoleka tsiku limodzi ubongo ungatupenso ndipo wodwala angathe kukomoka. Dotolo ndiye amachepetsa mlingo pang'onopang'ono. Mankhwalawa amachititsa njala yambiri ndi kunenepa nkhope, ndipo zimenezi zisakuopseni. Koma ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi zimasonyeza kuti shuga wakwera m'magazi, ndipo ayenera kukapimidwa. Amachepetsanso chitetezo cha m'thupi. Choncho zoyera m'kamwa, chifuwa chosatha kapena kutentha thupi zisanyozedwe. Kupweteka kwa pamtima ndi chimbudzi chakuda bii ngati phula zikuonetsa kuti m'mimba mukutuluka magazi.

Ena amapatsidwanso mankhwala oletsa khunyu monga phenytoin, carbamazepine, sodium valproate kapena phenobarbitone. Awa amagwira ntchito pokhapokha akamamwedwa pa nthawi yake tsiku ndi tsiku. Wodwala wa mu ubongo amaiwala msanga, motero musamusiyire botolo kuti azidzimwera yekha. Angamwe kawiri kapena osamwa n'komwe. Mupatseni inuyo, ndipo lembani chizindikiro pa kalendala akamwa. Katengeni ena kudakali mlungu wathunthu asanathe, makamaka nyengo ya mvula pamene mitsinje imatseka njira. Pakatuluka zidzolo thupi lonse, makamaka pamodzi ndi zilonda m'kamwa kapena m'maso, thamangirani naye kuchipatala.

Ngati wodwala akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, uzani dotolo aliyense amene akumuona, popeza ena mwa mankhwala a khunyu amafooketsa ma ARV, ndipo a TB amafooketsa dexamethasone. Mlingo umafunika kukonzedwa. Wodwala asaleke yekha mtundu uliwonse. Mankhwala ena a khunyu amafooketsanso mapiritsi olera ndi njira ya pamkono, pamene sodium valproate amavulaza mwana wosabadwa. Banja limene lidakali pa msinkhu wobereka lifunse njira yolera yoyenera. Kukhala malo amodzi sikupatsira khansa, koma dikirani mpaka bala litapola ndipo mwini wake akudzimva kuti ali ndi mphamvu.

Pa mutu wopweteka pang'ono Panado ndi wokwanira: mapiritsi 2 pa nthawi imodzi, osapitirira 8 pa tsiku lonse, ndipo kwa munthu wowonda kwambiri mlingo uchepe. Aspirin, brufen ndi mapiritsi ena a mutu ogula pa okala musamupatse popanda chilolezo cha dotolo, chifukwa angachititse magazi kutuluka m'mutu kapena m'mimba. Kachasu, masese ndi mowa wina uliwonse auleke. Mowa umaputa khunyu ndipo umabisa zizindikiro zoopsa.

Akagwa khunyu

M'madera ambiri anthu amathawa munthu akagwa, poopa kuti malovu ake kapena mpweya umene angatulutse uwapatsira matendawo. Zimenezi si zoona, ndipo chifukwa cha mantha amenewa anthu ambiri apsa pamoto pamene wowachotsa analipo. Khunyu la wodwala wathuyu limachokera pa chotupa kapena pa chipsera cha mu ubongo, basi.

Akagwa, chotsani moto, miphika ndi zakuthwa pafupi naye. Ikani nsalu yopinda pansi pa mutu, makamaka mbali ya bala. Musamupanikize manja kapena miyendo, ndipo musaike supuni, kamtengo kapena chala m'kamwa mwake. Munthu sangameze lilime lake, koma mano amathyoka ndipo zala zimalumidwa. Akasiya kuphupha mugonekeni cham'mbali kuti malovu ndi masanzi zituluke, ndipo musamumwetse kanthu mpaka atatsitsimukiratu. Yang'anani nthawi pa wotchi kapena pa foni. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, nyamukani naye msanga. Ngakhale kukhale kwakanthawi, ngati ndi koyamba kapena kwayamba kuchitika pafupipafupi, a chipatala adziwe tsiku lomwelo. Nthawi zina khunyu silimugwetsa munthu; mkono umodzi kapena tsaya limangonjenjemera, kapena amangoti tong'oo osayankha kwa kanthawi. Zimenezinso zinenedwe.

Munthu amene angagwe nthawi ina iliyonse asaphike kapena kuwotha moto ali yekha, asasuzumire m'chitsime, asasambe kumtsinje kapena kunyanja, asakwere bwato, mtengo kapena denga, ndipo asayendetse njinga kapena galimoto mpaka dotolo atamuloleza.

Zosafunika kudikira mawa

Mutu umene ukunka nukula tsiku ndi tsiku, makamaka m'mamawa ndiponso pamodzi ndi kusanza, ukusonyeza kuti m'chigaza mwayambanso kupanikizana. Tulo tachilendo ndi toopsa kuposa mutu, chifukwa wodwala sadandaula ndipo pakhomo amati wapumula. Ngati mukuvutika kumudzutsa, kapena akadzuka akugonanso mawu ali pakamwa, musadikire kuti kuche. Chimodzimodzinso kufooka kwatsopano kwa mkono kapena mwendo, kupotoka kwa kamwa, kuona zinthu ziwiriziwiri, ndi kuuma khosi pamodzi ndi kutentha thupi. Kutentha thupi kungakhale malungo, ndipo n'koyenera kupimitsa magazi. Koma uzani wopimayo kuti munthuyu anachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo musakhutire ndi mankhwala a malungo ogula. Odwala khansa ya mu ubongo magazi awo amaundana msanga m'mitsempha: mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka m'katumba musausisite, pitani kuchipatala, ndipo ngati wayamba kubanika mwadzidzidzi kapena kumva chilaso m'chifuwa, fulumirani koposa.

Zinthu zotere zimakonda kudza usiku. Panganani lero ndi mwini ngolo, galimoto kapena njinga ya ambulansi, sungani nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo ikani padera ndalama ya ulendo imene siikhudzidwa ngakhale mchere utatha. Munthu wosinza asakwezedwe pa njinga yamoto popanda womugwira kumbuyo.

Pamene khalidwe lasintha

Tsopano tibwerere ku mbali ya kutsogolo kwa ubongo ija. Osamala odwala ambiri amapirira kuchapa zoipa ndi kusagona, koma chimene chimawaswa mtima n'chakuti munthu amene anakwatirana naye sakuonekanso ngati yemwe uja. Bambo amene anali wofatsa ayamba kutukwana pamaso pa apongozi. Mayi waulemu avula pagulu, kapena anena mwamuna wake kuti wamubera ndalama imene waiwala yekha pamene anaika. Wina aseka pamaliro. Wina angokhala duu, osafuna kusamba, osafunsa za ana kapena za kumunda. Zonsezi zingachokere pa kuvulala kwa ubongo, ndipo dexamethasone nayenso amawonjezera ukali ndi kusakhazikika. Wodwala sachita dala, ndipo kawirikawiri sadziwa n'komwe kuti wasintha.

Pa ntchito yanga yoyendera midzi ndinafika pakhomo lina pamene bambo wina, mlimi wakhama kale, ankangokhala pakhonde tsiku lonse chibwerere ku opaleshoni, akuchita chokhacho chimene mkazi wake wamuuza. Alongo ake a bamboyo anagamula kuti mkaziyo wamudyetsa khuzumule, ndipo anafuna kumuchotsa pamudzi. Mayiyo ndiye yekha amene ankadziwa nthawi ya mankhwala. Nkhaniyo inazizira pamene nkhoswe ya kuchimuna inaperekeza odwalawo kuchipatala n'kudzimvera yokha kuchokera kwa dotolo. Ndikulangiza banja lililonse kuchita chimodzimodzi kusanabuke mkangano: tengani mmodzi wa kuchimuna ndi mmodzi wa kuchikazi pa tsiku loonana ndi dotolo. Mawu a mkazi kapena mwamuna yekha achibale amawakayikira. Ndipo amene amafulumira kuloza chala akumbukire kuti lamulo la dziko lino la 1911 lokhudza ufiti limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ulendo wa kwa sing'anga wokafufuza wolodza umadya ndalama ya thiransipoti, ndipo nthawi zambiri wodwala amabwerako atalekeratu mankhwala.

Nanga mungakhale naye bwanji munthu wotere? Kukangana naye sikupindula, pakuti mbali ya ubongo imene ikanamva mfundo zanu ndi yomwe yavulalayo. Akapsa mtima tsitsani mawu, sinthani nkhani, kapena tulukani pang'ono ngati palibe choopsa. Phokoso, alendo ambiri, njala ndi kutopa zimaputa ukali. Odzazonda alowe awiriawiri ndipo asakhalitse. Muuzeni chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Kwa amene mawu akumuvuta, funsani mafunso oyankha kuti inde kapena ayi, muonetseni zinthu ziwiri kuti aloze, ndipo mupatseni nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amene akulephera kulankhula amamva zonse, choncho musakambe za iye ngati palibe, ndiponso musamulankhule ngati mwana. Akadali bambo kapena mayi wa pakhomo. Mufunseni maganizo pa zimene angathe, ndipo mupatseni tintchito topepuka monga kutongola chimanga kapena kusankha nyemba atakhala pansi. Ana afotokozeredwe kuti mawu oipawo ndi a matenda. Ngati wayamba kumenya, ana asatsale naye okha, ndipo nkhaniyo ifike kuchipatala popeza mankhwala othandiza alipo.

Wodwala wina nzeru zake zili bwino koma wagwidwa ndi chisoni chachikulu, akulira ndi kunena kuti kuli bwino kufa. Mawu otere musawatenge ngati nthabwala. Bisani mankhwala ophera makoswe ndi a mbewu, zingwe ndi mapiritsi, ndipo uzani namwino.

Koma apa chenjerani. Kusintha kwa khalidwe kumene ndafotokozaku kumakhalapo chibwerere kuchipatala, kapena kumadza pang'onopang'ono. Ngati munthu amene dzulo ankacheza bwino lero wasokonezeka, sakuzindikira anthu kapena akulankhula zosamveka, kumeneko sikofuna kuleza mtima ayi. Ndi chizindikiro cha kutupa, magazi, tizilombo kapena shuga, ndipo malo ake ndi kuchipatala.

Chakudya, mphasa ndi chimbudzi

Palibe chakudya chapadera chochiza khansa, ndipo musataye ndalama pa mabotolo a ogulitsa oyendayenda. Mupatseni za m'magulu 6 aja a zakudya monga mungapezere: phala lothira nsinjiro, nyemba, mazira, usipa wosinja, masamba ndi zipatso. Adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono, ndipo akhalebe tsonga kwa theka la ola atatha kudya. Ngati akutsamwa kapena kukhosomola pomwa madzi, phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa zamadzimadzi; uzani a chipatala, chifukwa chakudya cholowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Munthu wosinza asadyetsedwe.

Amene angathe kuyenda ayende pang'ono pabwalo tsiku lililonse, womugwira ali ku mbali yofookayo. Amene sangathe kudzuka atembenuzidwe maola 2 alionse, chifukwa pamphasa youma zilonda zimayamba msanga m'chiuno, m'matako ndi ku zidendene. Yalani zofewa, ndipo zikanyowa sinthani nthawi yomweyo. Pindani ndi kuwongola mfundo za mkono ndi mwendo wofooka mofatsa kangapo pa tsiku, koma musamukoke pa mkono umenewo pomudzutsa, phewa lingaguluke. A fizo a pachipatala cha boma, ndiponso a ku Kachere mu Blantyre, amaphunzitsa zimenezi ndi kuthandiza pa ndodo ndi njinga za olumala.

Monga woyang'anira zaukhondo, sindingadumphe nkhani ya chimbudzi. Zimbudzi zathu zambiri zili kutali ndi nyumba, njira yake ndi ya mabampu, ndipo munthu ayenera kunjuta popanda chogwira. Wodwala wa chizungulire amagwera kumeneko. Salazani njira, zikani mtengo wolimba kapena mangani chingwe chogwira m'kati, ndipo chitseko chisatsekedwe ndi loko. Kwa wofooka, boolani mpando wakale n'kuika ndowa yokhala ndi chivundikiro pansi pake. Zoipazo zitayidwe m'chimbudzi nthawi yomweyo, ndowa itsukidwe ndi sopo, ndipo inu musambe m'manja. Kudzimbidwa kumachititsa wodwala kudzikakamiza, ndipo kutero kumawonjezera kupanikizana m'mutu. Madzi okwanira, papaya ndi masamba zimathandiza.

Inu osamala wodwala

Ntchito imeneyi si ya mlungu umodzi. Mukagwa inu, wodwala wagwanso. Pamasiku oyamba anthu amadzaza pakhomo, koma pakatha mwezi mumatsala nokha. Choncho pamene akufunsa kuti tithandizepo chiyani, musayankhe mwaulemu chabe kuti zonse zili bwino. Tchulani ntchito: uyu atunge madzi Lachiwiri, uyu agone ndi wodwala Loweruka kuti inu mupeze tulo, achinyamata apalire munda. Amayi a Mvano, a Dorika, magulu a kumzikiti ndi odzipereka osamala odwala m'mudzi alipo chifukwa cha zotere. Mwana wamkazi asasiyitsidwe sukulu kuti akhale namwino wa pakhomo. Abambo, kusambitsa mkazi wanu ndi kumuchapira si chamanyazi. Kumutumiza kwa amayi ake okalamba n'kumangopitako pa Sabata sindikuona kuti ndi chilungamo. Ndipo ngati tsiku lina mwapsa mtima kapena mwalira kuseri kwa nkhokwe, dziwani kuti osamala odwala onse amafika pamenepo. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika womuuza.

Pali nkhani ina yovuta imene ndiyenera kuinena. Zotupa zina zikachotsedwa munthu amakhala zaka zambiri. Koma khansa monga glioblastoma kawirikawiri imameranso ngakhale chithandizo chonse chitaperekedwa. Funsani dotolo mosabisa za mtundu wa khansa ya mnzanuyo, ndipo ngati mwini wake akufuna kudziwa, musamubisire. Musagulitse munda kapena ng'ombe mothamanga chifukwa cha munthu amene walonjeza kuchiza. Pamene nzeru za wodwala zidakali bwino, kambiranani za ana, za munda ndi za nyumba, ndipo alembe wilo pamaso pa mboni. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Kukamba zimenezi sikuitana imfa.

Ngakhale khansa itakana kuchizika, ululu umachizika. Chisamaliro chochepetsa ululu chimaperekedwa ku Tiyanjane pachipatala cha Gulupu, ku Ndi Moyo m'boma la Salima, ndi m'zipatala zambiri za maboma ndi za mishoni. Kumeneko kuli morphine wakumwa, amene amaperekedwa maola 4 alionse pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Ena amamukana poganiza kuti amafulumizitsa imfa, koma akamwedwa pa mlingo wolamulidwa amangochotsa ululu kuti munthu adye, agone ndi kucheza ndi ana ake. Simufunika kudikira kuti matenda afike pa kayakaya; pemphani kalata yopitira kumeneko ngakhale tsopano.

Gulani kope la ana a sukulu ndipo muzilembamo madzulo alionse mizere iwiri kapena itatu: mankhwala amene wamwa, ngati wagwa ndi kwa mphindi zingati, mmene mutu unalili, mmene wadyera ndi kugonera, ndi chachilendo chilichonse m'mayendedwe kapena m'mawu. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa sukulu akulembereni. Pa tsiku lobwerera kwa dotolo nyamulani kopelo, buku la chipatala, zithunzi za m'mutu zimene munapatsidwa, ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale amene atha.